Mutu Umodzi, Foni Imodzi ndi Denga la Alamu

Amene anayambitsa mwambi woti mutu umodzi susenza denga anamwalira asanaone malata a geji 32. Mwezi wathawu, pamsewu wa ku Kachulu, ndinakumana ndi mnyamata atasenza denga lonse la nyumba: malata okulunga, omanga ndi mphira, pansi pake kankhata, dzanja lina lagwirira katunduyo, linalo lili ndi foni pakhutu. Kubuula ayi. Anali kuseka ndi wina wake pafonipo. Ndinawamvera chisoni makolo athu, poti mwambi wawo unali utagwa chagada masana dzuwa likuswa mtengo.

Komabe tisawaseke kwambiri. Denga limene ankanena iwo ndi lija lomangira pansi, la nsungwi ndi luzi, lofuna amuna angapo kuti likwere pankhokwe, wina akukuwa kuti "kwezani kwanuko!" Lathuli n'lopepuka moti nthawi zina silifuna n'komwe mutu. Mphepo ya mvula yoyamba, ija ya mu Novembala, imalisenza yokha popanda nkhata, n'kukalitula m'munda mwa munthu amene simulankhulana naye.

Koma amene anaupereka mwambiwu kubwalo la milandu ndi alamu anga, amuna a achemwali. Alamu ndi mkamwini pamudzi pathu kuno kwa Mwambo, ndipo ntchito yawo ndi yogula matemba padoko n'kukagulitsa ku Zomba. Nyumba yawo inayamba kudontha kalekale, chaka chija cha namondwe wa Ana, mu 2022. Malata anachita dzimbiri mozungulira misomali. Ena amati ndi mchere, poti Chilwa ndi nyanja yopanda kotulukira ndipo madzi ake ngamchere. Ena amati ndi utsi wa mbaula. Amayi amati ndi ulesi. Mvula ikagwa usiku, m'nyumbamo mumayamba kwaya: beseni, ndowa, poto wa nsima, mbale ya ndiwo, chilichonse ndi mawu ake, achemwali akukoka mphasa uku ndi uku kufuna pouma.

Mmisiri anaitanidwa. Anazungulira nyumba, n'kugogoda phaso limodzi ndi chala, n'kutchula mtengo. Alamu anafunsa ngati mtengowo ukuphatikizapo nyumba yatsopano. Mmisiri sanaseke. Anangowakumbutsa kuti kuchokera pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, msomali nawo unadziwa kufunika kwake. Madzulo omwewo alamu anagula bandulo ya intaneti, n'kulengeza pakhonde kuti masiku ano sukulu ili m'thumba, ndipo denga akonza okha.

Netiweki pamudzi pathu imakhala pachulu chakumpoto kwa khola, ndiye alamu anakakhala pamenepo. Mphunzitsi amene anam'peza pa YouTube anali mzungu wa ndevu zosamalidwa bwino, wovala magolovesi, lamba wake wolendewera zida zoti kuno sitolo yathunthu ilibe. Ankamwetulira nthawi yonse. Munthu wokonza denga akumwetulira ndi wofunika kumukayikira, koma alamu anamukhulupirira kuposa mmene amakhulupiririra sikelo yawo yomwe. Anaonera mmene amazulira lata lakale. Anaoneranso kachiwiri kuti amvetse, poti Chingerezi chake chinali chotulukira m'mphuno. Anaonera chiyambi cha kakhomedwe. Kenaka kachizindikiro kaja kanayamba kuzungulira pakati pa foni, kuzungulira, kuzungulira, mpaka uthenga unabwera woti bandulo yatha. Alamu anatsika pachulu ali katswiri wa kuphwasula, wodziwa pang'ono chabe za kubwezera.

Zida zinasowa, koma nzeru sizinasowe, ndipo apa ndiwayamikire. Mzungu anali ndi makina oboolera oyendera batire. Alamu anabwereka hamala yoguluka mutu. Mzungu anali ndi masikuluwu okhala ndi kamphira kotseka madzi. Alamu anadula patapata wa mwana tizidutswatizidutswa, mwanayo akulira kuti winayo avala ndi chiyani. Mzungu ankafinya mankhwala omatira kuchokera m'chubu. Alamu anasungunula chigubu chosweka m'chitini, fungo lake n'kuthamangitsa nkhuku zonse. Makwerero anali mgolo, pamwamba pake mpando, pamwamba pa mpando chikhulupiriro.

Ndinawafunsa kuti, "Alamu, bwanji osaitana anyamata awiri akugwirireni?"

"Achimwene, anyamata a masiku ano ukawaitana amayamba afunsa kuti zingati. Ndiye ndilipire anthu oti azingondiyang'ana?"

Sananame. Koma panalinso china chimene sananene. Mkamwini amakhala ndi ngongole imene siitha, yosonyeza kuti pamudzi pa eni sanabwere kudzangodya. Denga linali mwayi wawo woti mudzi wonse uwaone ali pamwamba.

Amayi, omwe ndi apongozi awo, anayala mkeka pansi pa mtengo wa mango patali pang'ono, n'kuyamba kusankha mpunga. Mwambo suwalola kulankhula ndi mkamwini maso ndi maso pa nkhani ngati izi, choncho ankalankhula ndi mdzukulu, mokweza mawu ndithu. "Iwe, agogo ako aamuna ankakhoma msomali pamsana pa lata. Sindinawaonepo akukhoma m'ngalande." Mwana uja, patapata mmodzi kuphazi, anathamanga kukanena. Yankho linatsika kuchokera padenga: "Kawauze agogo kuti zinthu zinasintha." Mwana anabwerera. "Kawauze bambo ako kuti madzi sanasinthe."

Chowawa n'chakuti onse awiri ankanena zoona. Kumaiko kumene kanemayo anajambulidwa, ambiri amamanga sikuluwu pansi, pamene lata lagona pathabwa, chifukwa kamphira kake kamafinyika bwino n'kutseka bowo. Koma msomali wa hamala, wokhala ndi patapata m'khosi, ukaukhoma m'ngalande ndiye kuti waboola pamene madzi onse a denga amadutsa. N'chifukwa chake amisiri akuno amakhoma pamsana, pamene dontho limangofika n'kutsetsereka. Mzungu uja sananame. Ankangoyankha funso la nyumba ina.

Palinso zimene sakananena ngakhale bandulo ikanakhala ya mwezi wathunthu. Sadziwa chiswe. Sadziwa kuti phaso la bulugamu likhoza kuoneka lamoyo kunja m'kati muli ufa wokhawokha, ndi kuti n'chifukwa chake anthu amalipaka oyilo wakutha wa galimoto lisanakwere. Sadziwa kuti padenga la geji 32 suponda paliponse: umatsata mzere wa misomali, poti m'pamene pali mtengo pansi. Geji ikamakwera nambala, lata limapyapyala. La 28 limapirira phazi, la 32 limangolandira. Alamu anaponda pakati, pamalo pamene chiswe chinali chitamaliza kale ntchito yake. Tinangomva phokoso, kenaka chete. Achemwali, amene anali m'nyumba, akuti anangoona mwendo wa amuna awo uli lende pamwamba pa thumba la mpunga ngati mlamba wopachika pamsika.

Apa mukuganiza kuti mwambi wapambana, mudzi unathamanga, mitu inachuluka, denga linasenzedwa. Mitu inachulukadi. Inabwera ya kumpoto ndi ya kummwera, ina itanyamula ana kumsana, ina ikutafuna nzimbe. Koma inabwera kudzaonerera. Wina anati akokedwe chokwera, wina anati ayi chotsika, wina anati choyamba tidziwe kaye amene anawauza kukwera. Bambo wina amene nyumba yake ilibe n'chitseko chomwe anafotokoza mwatsatanetsatane mmene iye akanachitira. Mnyamata wina anatulutsa foni n'kuyamba kujambula, ndipo pofika madzulo mwendo wa alamu unali utafika ku Johannesburg pa WhatsApp, abale akumeneko akufunsa ngati tikufuna thandizo la maliro. Makolo anati mutu umodzi susenza denga, koma sanalonjeze kuti mitu makumi awiri isenza. Mitu yambiri imathanso kungoima n'kumapereka maganizo.

Ine ndinaseka nawo, osabisa. Koma nkhaniyi ikandibwerera usiku sindiseka kwenikweni. Kale kufolera nyumba kunali dima: mayi amafulula thobwa, amuna amabwera ndi zikwanje ndi luzi, ndipo pofika madzulo nyumba yavala. Malipiro ake anali oti mawa nawenso upita kwa mnzako. Udzu unali wongomweta kudambo. Lero madambo ambiri a m'mbali mwa Likangala ndi Domasi ndi minda ya mpunga, udzu ndi wogula pamtolo, pepala lapulasitiki loyala pansi pa udzu ndi logula, msomali ndi wogula, ndiye dzanja la mnansi lingakhale bwanji laulere lokha? Amuna oti n'kuitana nawonso kulibe. Ena amakhala masabata ambiri pa zimbowera, timisasa tawo toyandama pakati pa nyanja. Ena anachoka nyanja itaphwa mu 2018, monga inachitiranso mu 1995, mabwato atagona pamatope ong'ambika, ndipo sanabwerere. Ali ku Mozambique, ali ku Joni, amatumiza ndalama ya malata koma sangatumize mkono wokhomera.

Ndipo mu Malichi 2023, mvula ya namondwe wa Freddy itagwa masiku otsatizana, makoma a zidina ananyowa n'kukhala pansi usiku umodzi, nyumba zambiri nthawi imodzi. Ukanaitana ndani, poti amene ukanamuitana nayenso anali kufukula mbale zake m'matope? Ndinaona amayi amasiye akuponda dothi okha, kuumba okha, kukwera okha pamgolo ndi mtolo wa udzu. Amenewo sanaonere kanema aliyense, ndipo sankafuna kutsutsa mwambi. Mutu umodzi unasenza chifukwa wachiwiri kunalibe. Choncho munthu akandiuza kuti anthu a masiku ano ndi odzikonda, safuna kuthandizana, ndimayamba ndamufunsa kuti thumba la simenti analigula liti komaliza.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine si kusowa kwa manja. Ndi chakuti pa dima paja m'pamene nzeru zinkadutsira. Mnyamata wopatsira luzi ankamva akulu akukangana kuti khonde litalike kuti mvula isamenye khoma, kuti maziko akwere chifukwa makande akuno amatupa dzinja n'kung'ambika chilimwe, kuti mtanda umangiriridwe kukhoma ndi waya osati kungousanjikiza njerwa ndi matayala pamwamba. Palibe ankati akuphunzitsa. Ankangotukwanizana uku akugwira ntchito, mwana n'kutola. Lero mwanayo akutola kwa munthu wa magolovesi amene sanapondepo makande.

Alamu anatsitsidwa ndi mkulu wina wokhoma mabwato kudoko, amene anafika mochedwa ndipo sanapereke maganizo alionse. Anangoyala thabwa padenga, n'kukwawira pomwepo, n'kupinda lata ndi pulayala kuti lisadule mnofu, mwendo n'kutuluka ndi zokala zochepa. M'mawa mwake anabweranso ndi chitini cha phula ndi nsanza. Anazula misomali yonse ya m'ngalande, bowo lililonse n'kulimata ndi kachigamba konyika m'phula lotentha, mmene amachitira ndi bwato lolowa madzi. Anati denga ndi bwato lomwe, kungoti lina madzi ali pansi, lina ali pamwamba. Phaso lodyedwa analichotsa, latsopano analipaka oyilo, alamu akupatsira misomali mwaulemu waukulu. Amayi anapitiriza kusankha mpunga, ndipo sanatume mdzukulu ngakhale kamodzi, zimene kwa iwo ndi chiyamikiro chachikulu.

Tikawerengera bandulo, lata latsopano, phaso, phula, nkhuku imene inaphedwera mkulu uja, ulendo wa kabaza wokabayitsa jakisoni wa kafumbata, ndi patapata watsopano wa mwana, ndalama yake inapitirira ija anatchula mmisiri. Izi achemwali amazinena pamene alamu palibe. Pamene alipo, nkhani imakhala ina. Padoko amauza anzawo a matemba kuti denga anakonza okha, mkulu uja anangowagwirira chitini, ndipo ndamva kuti anthu awiri awapempha kale kuti akaone madenga awo.

Sabata ino agulanso bandulo, yaikulu kuposa yoyamba ija kuti isawathere panjira. Akumakhala pachulu mpaka mdima, ndipo mphunzitsi wawo watsopano ndi Mmwenye wolankhula mothamanga amene akuwaonetsa kalumikizidwe ka mawaya a sola ku batire. Dzulo achemwali anabwera kwathu atanyamula bulangete ndi ana onse, n'kundifunsa kuti, "Achimwene, kuchipinda chanu chakumbuyo kuja mukadali mpunga, kapena munthu angagonemo?"