Mutu Wachiwiri Pansi pa Denga

Akale anati mutu umodzi susenza denga. Ankanena za denga la nkhokwe, lomwe amamangira pansi kenaka n'kuitana anansi kuti adzathandize kulikweza. Sankadziwa kuti zidzukulu zawo zidzautengera mwambiwu m'kachipinda ka seva, momwe disiki imodzi yakhala ikusenza yokha malipiro a antchito, makalata a ofesi, ndi zithunzi za ukwati wa abwana.

M'chaka cha 1988, David Patterson, Garth Gibson ndi Randy Katz a ku yunivesite ya California ku Berkeley analemba pepala lomwe linatchukitsa dzina loti RAID. Mtundu wa RAID 1 ngosavuta kuumva: madisiki awiri, chilichonse cholembedwa pa imodzi chilembedwenso pa inzake, kuti ina ikafa inayo ipitirize ulendo. Pa Linux ntchitoyi imayang'aniridwa ndi mdadm, pulogalamu yomwe analemba Neil Brown.

Koma akale aja sanatiuze chochita ngati denga lili kale pamutu, wolisenza ali paliwiro, inu n'kumafuna kulowetsa mutu wina pansi pake. Pa kompyuta yatsopano palibe nkhani. Nkhani ili pa ija ikugwira ntchito kale, yomwe mukangoiyandikira wina amakuwa kuti, "Chonde achimwene, musazimitse, sitinamalize lipoti!"

Njira yake njoseketsa. Mumakopera ndondomeko ya magawo a disiki yakale pa yatsopano ndi sfdisk. Kenaka mumakhazikitsa gulu la madisiki awiri muli ndi imodzi yokha, pamalo pa inayo n'kulembapo kuti missing. Mwalembetsa wosenza amene sanafike, ndipo mdadm amamulandira osaphethira n'komwe. Mukasamutsira mafayilo kumeneko ndi rsync, n'kuyatsa kompyuta kuchokera ku gululo, m'pamene mumaitana disiki yakale kuti ilowe. Apa dzanja lisanjenjemere. Imene yalowa mochedwa ndi imene imafufutidwa n'kulembedwa mwatsopano, komanso osenzawa ali ndi khalidwe losinthana maina: wa dzulo sda lero akhoza kudzuka ali sdb chifukwa choti mwasuntha nthambo. Wosokoneza mainawa amapeza mitu iwiri yagwirizana bwinobwino, koma yagwirizana pa kusenza mphepo.

Mukapulumuka pamenepo mumakumana ndi md127. Inu gululo munalitcha md0, munalembanso choncho mu fayilo ya fstab. Poyatsanso, lokha ladzitcha md127, kompyuta yafunafuna md0 osamupeza, yaima panjira n'kukusiyirani sikirini yakuda. Si ufiti ayi. Kachikwama ka initramfs, komwe kompyuta imanyamula podzuka, kalibe fayilo yatsopano ya mdadm.conf. Lembani gululo m'fayiloyo, pa Debian kapena Ubuntu thamangitsani update-initramfs -u, ndipo mu fstab muzitchula UUID, yomwe sisintha ngakhale nthambo zisinthane.

Chondiwawa kwambiri ine ndi GRUB. Gulu lija limafananitsa zomwe zili m'magawo ake basi. Kachidutswa ka GRUB koyatsira kompyuta kamakhala kunja, koyambirira kwenikweni kwa disiki, kapena pa makina a UEFI m'gawo lakelake. Mukapanda kukaika pa madisiki onse awiri, tsiku lomwe yoyamba idzafe, yachiwiri idzakhala ndi fayilo iliyonse, yathunthu, yosapunguka, koma yosatha kudzuka. Mutu ulipo, denga lilipo, miyendo inapita ndi malemu. Njira yodziwira ndi imodzi yokha, ndipo palibe amene amaikonda: kuzimitsa kompyuta, kuzula disiki yoyamba, n'kuyatsa muli chipenyere, zonse zikadali bwino.

Musamvere aliyense wokuuzani kuti tsopano simufunikanso kusunga mafayilo kwina. Wosenza wachiwiriyu alibe maganizo akeake. Mlembi akafufuta molakwitsa ndandanda ya malipiro, imafufutika konsekonse nthawi yomweyo. Mnzake akalowera kudzenje, iye amalowera komweko mokhulupirika, sitepe ndi sitepe. Ndipo ngati munawagula tsiku limodzi, a mtundu umodzi, musadabwe akatopera limodzi, makamaka pomwe wotsalayo akuwerengedwa kuyambira koyamba mpaka kumapeto kuti adzaze wolowa m'malo.

Umoyo wa awiriwa umaoneka mu /proc/mdstat. Mukaona [UU], onse ali chilili. Mukaona [U_], mmodzi anagwa, mwina mwezi watha, mwina chaka chatha, chifukwa kompyuta siidandaula. Imangopitiriza ntchito ngati palibe chachitika. Zoona, mdadm amatha kutumiza imelo yochenjeza ku adiresi yomwe yalembedwa pa mzere wa MAILADDR. Kawirikawiri adiresiyo imakhala ya mnyamata uja anakonza zonsezi, yemwe anasiya ntchito kalekale ndipo pano akuweta nkhuku.