Tatsitsani Wailesi Yanuyo, Agogo

Kwathu kuno kwa Kanyenda wailesi sitimangoimvera ayi, timafuna nayonso itimve. Munthu akhoza kukhala ndi boti la injini, munda wa nzimbe ndi nyumba yamalata, koma ngati dzina lake silinatchulidwepo pa wailesi, pa Dwangwa amayenda ngati wobwera. Kale, MBC ili yokhayokha, malume anga analemba kalata yopempha nyimbo n'kukaiponya ku positi ofesi. Anadikira masabata atatu khutu lili pa kawailesi kawo ka Nzeru, mabatire akafooka n'kumawayanika padzuwa pamodzi ndi makaka. Tsiku limene kalata ija inawerengedwa iwo anali kuseri kwa nyumba. Mpaka lero amati muulutsi uja anachitira dala.

Radio 2 inabwera mu 1997, Zodiak mu 2005, mawailesi ena anachuluka ngati nkhungu panyanja, kenako foni yam'manja inafika mpaka kudoko. Kalata inafera pomwepo. Lero aliyense amene ali ndi timayunitsi ndi mlendo wolemekezeka.

Agogo ena a ku Kasitu anaimba foni pa pulogalamu ya moni, wailesi ili pamwendo, voliyumu ili kumapeto. Mu situdiyo munangomveka tswiii.

"Agogo, tatsitsani wailesi yanuyo."

"Ndikatsitsa ndidzimva bwanji, mwanawe?"

"Muzimvera pafonipo."

"Pafonipa ndikumva iwe. Ine ndikufuna ndimve ine."

Paja mawu a pafoni amachedwa pang'ono kutulukira pa wailesi. Agogo atati "Mwadzuka bwanji kumeneko?" wailesi nayo inati "Mwadzuka bwanji kumeneko?" Anakhala kaye chete, kenako anapsa mtima. "Kodi uko uli ndi nkhalamba ina? Iuze isiye kunditsanzira. Ndi ya kwa yani imeneyo, mwano chotere?"

Pulogalamu ya moni imeneyi ndiyo bwalo la milandu la anthu amene alibe nkhuku yokapereka kwa amfumu. Mnyamata wina wodula nzimbe anayamba bwinobwino. Moni kwa mayi ake ku Dwambazi, moni kwa anzake akabaza pa siteji, moni kwa akwaya onse. Kenako mawu anasintha.

"Moni wapadera upite kwa alamu anga ku Liwaladzi. Alamu, ndikudziwa kuti mukumvera, chifukwa wailesi mukumverayo ndi yanga. Munabwereka pa Khirisimasi."

Muulutsi, pofuna kuziziritsa zinthu, anafunsa nyimbo yoti awaikire alamuwo.

"Musawaikire. Andithera mabatire."

Alendo a mu situdiyo ndiye amandipha ndi kuseka, makamaka amene sadziwa tanthauzo la kagetsi kofiira. Novembala akafika, makoka amaletsedwa panyanja kuti chambo chiswane. Wailesi ina inaitana mkulu wa komiti ya padoko kuti adzalangize asodzi anzake. Anafika atavala jekete, kutentha konse kuja, thukuta lili kamukamu. Koma kulankhula kokha analankhula. Nyanja ndi munda wathu, tikadya mbewu ana athu adzakolola chiyani, wopezeka akukoka khoka tidzamulanda. Ena kumudzi anagwetsa misozi. Muulutsi anati tiyeni timve kaye nyimbo, koma chala chinaphonya batani, kagetsi kaja kali chiyakire. Mkulu uja anavula jekete n'kupumira m'mwamba.

"Ndalankhula bwino eti? Koma tifulumire achimwene, anyamata akundidikira, tikuponya usiku womwe uno. Inu ndikusungireni zingati?"

Foni zinayamba kulira nthawi yomweyo. Muulutsi anaganiza kuti anthu akwiya. Woyamba anafunsa mtengo. Wachiwiri anafunsa doko lake.

Namwino wina naye anakumana nazo pa pulogalamu ya malungo. Anafunsa mayi amene anaimba foni ngati neti imene analandira ku sikelo akuigwiritsa ntchito.

"Kwambiri, adokotala. Bambo a kunyumba akuiyamikira. Akuti ngakhale bonya sapulumuka."

Tsono pali oimba athu achinyamata. Aliyense ali ndi dzina la Chizungu, magalasi akuda ngakhale usiku, ndi nyimbo imodzi yojambulidwa m'kachipinda kuseri kwa saluni. Wina anafika pa pulogalamu ya Loweruka masana n'kudzitchula kuti ndi woimba wapadziko lonse, chifukwa msuweni wake wa ku Johannesburg anamvera nyimboyo pa WhatsApp. DJ anamufunsa kuti nyimbo yake ikukamba za chiyani.

"Ikukamba zambiri."

"Monga?"

"Zinthu, bwana. Zochitika."

Soldier Lucius Banda, mzimu wake uuse mumtendere, ukamufunsa funso lomweli unkafunika kukhala pansi ndi kapu ya tiyi. Koma tisawanyoze anawa, akuyesera. DJ anamulangiza kuti adekhe, n'kumukumbutsa za Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu, amene anabadwa mu 1930 koma achinyamata a pa intaneti anadzamudziwa bwino mu 2020 ataimba ndi Patience Namadingo.

"Agide anadikira zaka 90," anatero mnyamata uja. "Ine landilodi wandipatsa mpaka pa 30."

Anapereka fulashi, n'kunena kuti nyimbo ndi yachiwiriyo. DJ anadina yoyamba. M'malo mwa ng'oma munatuluka mawu a mayi, okwiya ngati mwera wa mu Julayi: "Iwe! Ndalama ya feteleza ija akuti wakajambulira nyimbo? Ubwere kuno udzadye nyimboyo!" DJ, poganiza kuti ndi chiyambi cha nyimbo yamakono, anaikapo kugunda kwa amapiano pansi pake n'kumakuwa, "Moto! Moto umenewo!" Sabata yonse anthu ankaimba foni kupempha "ija ya feteleza." Nyimbo yeniyeniyo palibe anaifunsapo. Ndamva kuti mayi aja tsopano akufuna gawo lawo.

Malume anga aja sanasinthe. Anakulira mawu a Steve Liwewe Banda, ndiye kwa iwo mpira umene sunadutse pa wailesi sunaseweredwe. Masiku amene Dwangwa United inali mu ligi yaikulu tinapita nawo pa Chitowe, iwo kawailesi kali kukhutu. Chigoli chinalowa pamaso pawo penipeni, bwalo lonse linadumpha, iwo ali phee.

"Malume, tagoletsa!"

"Dikira. Wailesi sinanene."

Patapita mphindi khumi, mpira uli kunja wosewera wina akumanga nsapato, malume anadumpha okha n'kukuwa chigoli mpaka chipewa kugwa. Anali akumvera masewero a ku Kamuzu Stadium ku Blantyre.

Tsiku lina wailesi ina inabwera kudzaulutsira pamsika. Anamanga tenti, anakoka mawaya, jenereta ikulira kuseri. A gulupu anapatsidwa mphindi zisanu, iwo anatenga makumi awiri. Anathokoza boma, anadandaula za mlatho, anadzudzula achinyamata ovala mathalauza m'matako, anatchula mayina a makolo awo mpaka kwa agogo a agogo. Atamaliza, kamnyamata ka mawaya kanabwera kakunjenjemera kudzanong'oneza kuti jenereta inatha mafuta iwo akungoti "Zikomo a mkulu wa mwambo." Anawapempha mwaulemu kuti abwereze.

"Mfumu sibwereza mawu," anatero a gulupu. Anayang'ana maikolofoni, anayang'ana anthu. "Koma poti ku Nkhotakota sanamve, ndiyambira pa agogo aja."

Pulogalamu ya usiku ndiyo yoopsa, ija ya nyimbo zachikondi imene muulutsi amalankhula ngati ali ndi chimfine. Bambo wina anatsanzika kunyumba kuti akukagona kumaliro ku Benga. Cha m'ma 10 koloko, mayi a kunyumba akusenda chinangwa cha kondowole wailesi ili pambali, anamva munthu akudzitchula kuti Mnyamata Wofatsa, akupereka nyimbo kwa "duwa langa la ku Ngala." Mawu anawasintha ndithu, anawaonda ngati a mwana wa sukulu. Chimene anaiwala kusintha ndi chifuwa. Anatsokomola kawiri, kutsokomola kumene mayi aja akhala akukumva zaka 18.

Foni yotsatira inali yawo.

"Ndikupereka moni kwa Mnyamata Wofatsa. Muwauze asavutike n'kubwerera. Zovala zawo ndapatsira wakabaza, ziwapeza ku Ngala komweko, alipire okha."

Muulutsi anameza malovu. "Nanga tiwaikire nyimbo yanji, mayi?"

"Iliyonse ya kwaya, mwananga. Pajatu ali pamaliro."