Madzi akusowa mu mgolo wa alamu

Ku Domasi masamu sasowa. Kuli Domasi College of Education yosula aphunzitsi a sekondale, kulinso Malawi Institute of Education komwe amakonza zoti ana athu aziphunzira. Mlembi wanu sanakhalepo pa desiki kumalo awiriwa, koma poti amadutsa pafupi popita ku Songani, amadziyesa wophunzira.

N'chifukwa chake atamva mmene azungu ofulula mowa wa balere pakhomo amawerengera madzi, anabwereka cholembera. Iwo amayambira kumapeto. Wofuna malita 20 a mowa kuchokera ku makilogalamu 5 a chimera satunga malita 20 ayi. Chimera chimamwa pafupifupi lita imodzi pa kilogalamu, malita 5 apita. Kuwiritsa kwa ola limodzi kumauluza malita atatu kapena anayi. Ena amatsalira m'zotsikira pansi pa mphika, ndipo madzi owira akazizira amachepa ndi magawo 4 pa 100. Zonse pamodzi, munthu atunge malita 30 ndi kakhobwe pamwamba.

Nzeru yotere sigonera m'thumba. Anathamangira nayo kwa alamu ake, mayi amene anayamba kufulula masese nyanja ya Chilwa isanaphwe mu 1995. Mgolo wawo ndi wa malita 200, ndowa khumi, koma iwo sawerenga. Amaviika mthiko, kuona mmene phala likudonthera, n'kuuza mwana kuti awonjezere ndowa imodzi. Amadziwanso zomwe pepala la mlembi linalibe. Mgaiwa umatupa n'kukakamira madzi. Mgolo woyasama kukamwa pa moto wa nkhuni umataya nthunzi yambiri, ndipo mowa wathuwu umapita pamoto kawiri. Pokuntha, masese opita ku nkhumba amanka akudontha.

“Alamu,” anatero mlembi, pepala lili m'manja, “mwa masamu anga mgolowu uyenera kutulutsa zipanda zambiri kuposa zimene mumagulitsa. Pali madzi akusowa.”

Mayiwo anapukuta manja pachitenje.

“Nthunzi mwaiwerenga, alamu. Chimera mwachiwerenga. Nanga olawa mwawaika pati?”

“Olawa ati?”

“Aja amalawirira tsiku lokuntha kudzamva ngati walula. Chipanda choyamba amati sanamve bwino. Chachiwiri amati chimera chachepa. Chachitatu sanena kanthu, amangovula nsapato. Ndalama ati abweretsa akagulitsa mpunga, chonsecho munda wa mpunga alibe.”

Mlembi wanu, amene munda wa mpunga alibe, anayamba kuchita chidwi kwambiri ndi phiri la Malosa.

Alamu sanamulekere pomwepo. Anati poti masamu a madzi akuwatha, ndowa zili apo, njira ya kumjigo akuidziwa. Kumeneko anakapeza samu lina limene azungu aja sanamuuze: lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Ndowa yodzaza ndi makilogalamu 20, ndipo khosi la mlembi linali lisanasenzepo kanthu koposa chipewa. Amayi a pamjigo anasiya kupopa kuti aonerere bwino.