Chambo Pansi pa Usipa

Khalani pansi nonse, mafoni muwavundikire pamphasapo. Iwe wamtaliwe, mwamuna wanga wopanda ndi khasu lomwe, usayang'ane kunyanja ngati kuli wokuitana. Mlanduwu ndi wako. Enanu ndinu mboni, ndipo mboni yoseka ilipa nkhuku.

Ndamva kuti masiku ano ndiwe munthu wamkulu. Akuti umalemba pa Wikipedia ya Chichewa, buku lija la pa intaneti limene aliyense amaloledwa kulembamo ndi kukonza zimene mnzake walemba. Zimenezo ndayamika, ndipo mano akadakhalapo okwanira ndikadaimba mluzu. Koma ndamvanso kuti ukufuna kukapempha mbendera yoti ntchito yako isamaoneke pa tsamba la zosintha zaposachedwa. Mwana wa mwana wanga, kukagwada pamaso pa anthu kupempha chilolezo chogwira ntchito mobisala! Azimayi a Mvano akandifunsa ndikayankha chiyani?

Musayese gogo wanu akungobwebweta. Choko ndinachigwira mpaka tsitsili linayera, magalasi ndili nawo, ndipo tsambalo ndalitsegula ndekha. Mzere uliwonse pamenepo ndi ntchito ya munthu mmodzi: nthawi, mutu wa nkhani, dzina la wokonzayo, komanso nambala yobiriwira ngati waonjezera mawu, yofiira ngati wachotsa. Pa Wikipedia ya Chingerezi amaikanso tizilembo kutsogolo, N ngati nkhaniyo ndi yatsopano, m ngati wangokonza kanthu kakang'ono, b ngati wagwira ntchitoyo ndi loboti. Ukangotsegula umaona mizere 50 yomalizira, ndipo wina watsopano ukabwera pamwamba, wapansi umagwa. Wotukwana mfumu m'nkhani ya mudzi wake amagwidwira pamenepo, wofufuta ndime mwadala amagwidwiranso pomwepo, chifukwa alipo anthu amene ntchito yawo ndi kukhala pa tsambalo maso ali tong'o. Koma mizere ya maloboti ija siioneka pokhapokha utadina poti ionekere.

Mbendera ukuilirayo kodi ukudziwa kumene inachokera? Ndinakufunsa, unangokanda m'mutu. Imva tsono. Wikipedia inayamba mu Januwale 2001. Mu Okotobala 2002 munthu wina wa ku America, dzina lake Derek Ramsey, anatenga ziwerengero za kalembera wa dziko lawo wa m'chaka cha 2000 n'kuzipatsa loboti yake yotchedwa Rambot, ndipo m'masiku owerengeka inalemba nkhani zoposa 30,000 za mizinda ndi timatauni ta kwawo, zonse zoyamba mofanana: anthu ndi angati, nyumba zingati, amuna angati pa akazi 100 aliwonse. Tsamba la zosintha linamira. Wolondera akatsegula ankangoona tauni, tauni, tauni, ndipo wakuba akanatha kulowa n'kutuluka osaoneka. Anthu anadandaula, ndipo posakhalitsa panakonzedwa mbendera yoti loboti yodalirika izigwira ntchito yake osadzaza tsambalo. Pambuyo pake anaona kuti nawonso anthu a magazi, makamaka ma adimini, nthawi zina amagwira ntchito ya chiloboti, monga kufufuta masamba mazanamazana a otsatsa malonda kapena kusamutsa nkhani zambirimbiri kuchoka m'gulu lina kupita m'gulu lina. Ndiye malo ena, monga Wikipedia ya Chingerezi chosavuta, Wikidata ndi Meta, anakonza mbendera ina imene eni ake amaitcha flood, yoivala ntchito ikamayamba n'kuivula ikangotha. Adimini alinso ndi njira yobweza zonse zimene wowononga wachita, n'kubisa pa tsambalo kuwonongako pamodzi ndi kubwezako.

Zonsezi ine sinditsutsa. Ndi nzeru, ndipo amene anazipeka adye nsima yotentha. Ndikudziwanso chimene ukufuna kundiyankha, chifukwa milomo yako yayamba kale kugwedera: palibe chimene chimafufutika, agogo, zonse zimakhalabe m'mbiri ya nkhani iliyonse ndi pa mndandanda wa ntchito za wolembayo. Zoona. Koma amapitako ndani? Munthu amatsegula mbiri ya nkhani akakhala kuti wakayikira kale. Chimene chimamupatsa chikayikocho ndi tsamba lomwe lija iwe ukufuna kulizemba.

Pano padooko tinaziona. Mu Novembala ndi Disembala, nyanja ikatsekedwa kuti chambo chiswane, pamakhala amayi ena amene beseni lawo la usipa limalemera modabwitsa. Pamwamba usipa wokhawokha, wonyezimira, woti palibe wa komiti ya padooko angataye nthawi kuuwerenga umodziumodzi, poti usipa timayeza ndi chigoba. Iye amangoponya diso, n'kugwedeza mutu, mayi n'kusenza. Koma pisa dzanja mpaka m'chigongono, ukhudza chambo ziwiri zonenepa, mazira ali m'kamwa. Mayiyo sananame, sanafufute kanthu, nsomba zonse zili m'beseni momwemo kwa aliyense wofuna kupisa. Anangodziwa kuti usipa sapisa. Maina sinditchula, ena ndi abale anu, ndipo mmodzi anakuphikirani phala.

Ndiye tandiuza, usipa wako ndi uti? Akuti ukufuna kungokonza kalembedwe m'nkhani zonse kamodzi n'kamodzi. Kungokonza! M'Chingerezi mwina zimatheka, kumene mawu ambiri anagwirizana kale kalembedwe kake. Ife ayi. Wikipedia imene umalembayo si ya Amalawi okha. Wa ku Chipata ndi wa ku Tete ndi yawonso, ndipo iwo pamene ife timalemba ch amalemba c yekha, Cinyanja, osati chifukwa cha umbuli koma chifukwa ndi mmene anaphunzirira kusukulu. Ena amaika kadenga pa w wa Malaŵi, ena saika, ndipo onsewo ali ndi mabuku owaikira kumbuyo. Dzina lenilenilo la chinenerochi linasinthidwa mu 1968, nthawi ya Kamuzu, kuchoka ku Chinyanja kupita ku Chichewa, ndipo kunyanja kuno alipo okalamba amene anamwalira asanavomereze. Iwe ukufuna kuweruza milandu yonseyi usiku umodzi, uli gone pamphasa, chala chikungodina, popanda ndi mmodzi yemwe wokuona. Mphunzitsi wa ku Katete adzadzuka m'mawa n'kupeza nkhani yake yavekedwa malaya a eni, ndipo tsamba la zosintha lili zii ngati sipanadutse munthu.

Kapena titenge zosavuta. Uuze makina kuti paliponse pamene palembedwa Fort Johnston paikidwe Mangochi. Zikumveka bwino, eti? Mawa lake nkhani ya mbiri idzati atsamunda anamanga linga mu 1891 n'kulitcha Mangochi polemekeza Harry Johnston. Uuze makina kuti Cape Maclear yense akhale Chembe, ndipo David Livingstone adzapezeka kuti mu 1861 anatcha malo ano Chembe pokumbukira mnzake woona nyenyezi wa ku Cape Town. Ana a sukulu adzakopera zimenezo m'makope, aphunzitsi otopa adzachonga. Pa mizere 300 yokonza bwino, iwiri yotereyi ndi yokwana, ndipo wolakwitsayo sakhala ndi mtima woipa. Amangokhala ndi tulo.

Iwe mtsikana, ndakuona ukumwetulira. Usadzione woyera. Ndiwe adimini wa gulu la banja pa WhatsApp, ndipo uthenga wa amalume ako wopempha ndalama ya injini unaufufuta. Koma iwe ndikukhululukira pang'ono, chifukwa kumeneko pamatsala chipsera chonena kuti adimini wafufuta, ndipo amalume ako anachiona, ndipo mudzi wonse unamva.

Tibwerere kwa mwamuna wangayu. Unamva za ku Scotland? Kumeneko kuli chinenero chotchedwa Scots, chachibale ndi Chingerezi, ndipo chili ndi Wikipedia yake. Mu Ogasiti 2020 kunadziwika kuti nkhani zoposa 20,000 za mmenemo analemba ndi mnyamata mmodzi wa ku America amene chinenerocho sankachidziwa. Ankatenga nkhani za Chingerezi n'kumasintha mawu apa ndi apo kuti zimveke ngati za kumeneko. Anayamba ali ndi zaka 12, ndi mtima wofuna kuthandiza, mpaka anakhala adimini. Chimene ndikufuna umve ndi ichi: mnyamatayo ankalemba poyera, dzina lake lili pa tsamba la zosintha tsiku ndi tsiku, kwa zaka pafupifupi 7, ndipo eni chinenero sanadzuke. Ngati poyera zinatheka chonchi, kuli bwanji kuseri? Wikipedia yaing'ono maso ake ndi owerengeka, ndipo iwe ukufuna kuwaphimba ndi omwewo.

Komanso, ndifunse mwaulemu, chigumula chimene ukuopa kudzetsacho chili kuti? Ya Chingerezi ili ndi nkhani mamiliyoni, zosintha zimagwa ngati mvula ya Januwale, mzere sukhala pamwamba ndi mphindi yomwe. Ya Cebuano ku Philippines inapitirira nkhani 6 miliyoni chifukwa cha loboti ya munthu mmodzi wa ku Sweden, Sverker Johansson. Ngakhale anansi athu a Chitumbuka anadutsa 10,000. Yathu ya Chichewa, chinenero cha anthu mamiliyoni m'maiko anayi, sinafike ndi 2,000 yomwe. Pa tsamba lathu la zosintha mzere umakhala mpaka kumera ndevu. Ukadzaza tsambalo ndi ntchito yako palibe amene adzalira. Mwina wina ku Lusaka adzatsegula n'kusangalala kuti kodi kuli anthu. Kumene kulibe akuluakulu opereka mbendera, pempho limapita kwa oyang'anira mawiki onse otchedwa steward, ndipo iwo amafuna kuona kuti eni wiki akambirana. Ukakambirana ndi yani, iwe ndi mnzako uja wa ku Monkey Bay amene mumagawana bandulo?

Ndikuganiza kuti ndikudziwa chimene chikukuvuta, ndipo si chisoni ndi olondera ayi. Ukuopa kuonedwa ukulakwitsa. Wina adzabweza ntchito yako n'kulemba chifukwa chake poyera, anzako adzawerenga. Mibadwo yanuyi chithunzi chimodzi mumajambula kakhumi musanachionetse. Ife tinkalemba pa bolodi kalasi yonse ikuyang'ana, woyendera sukulu ali kumbuyo ndi kope lake, ndipo tinakalamba ndithu, sitinafe.

Chigamulo changa nachi, mboni zimve. Mbendera sukapempha chaka chino. Za c ndi ch ukazilembe pa tsamba la zokambirana, udikire a ku Zambia ndi a ku Mozambique ayankhe, ngakhale atatenga miyezi. Zokonza zako uzichite pang'onopang'ono, dzina lako lili poyera, ndipo pa bokosi lija la chifukwa uzilembamo chifukwa chenicheni, osati kadontho. Nthawi imene ikutsalayo ulembe zimene loboti singalembe. Manda a amishoni a Livingstonia ali apa pokha, anthu amene anafika ndi sitima ya Ilala mu 1875 n'kusamukira ku Bandawe mu 1881 malungo atawatha. Albert Namalambe, woyamba kubatizidwa pa mishoniyo, anatsala kuno akuyang'anira ntchito. Paki imene imatiletsa nkhuni inakhazikitsidwa mu 1980, UNESCO n'kuilemba m'kaundula wake mu 1984, ndipo azungu amabwera kudzajambula mbuna ku Thumbi pamene mwana wa ku Dedza alibe poti awerenge za izo m'chinenero chake. Ukamaliza zimenezo upite kwa siginala wina wokalamba akakufotokozere kaponyedwe ka chilimira ndi kasiyanidwe ka mwera, mpoto ndi vuma, upeze ndi buku lokuikira umboni poti kumeneko mawu apakamwa okha salandira.

Nkhani yoyamba ndiiwerenga ndine, Loweruka, ndi cholembera chofiira. Nkhuku ya mboni zosekazi ikhale yaikazi.