Kaputeni wa ku Kanakantapa

Anthu a kuno ku Kanakantapa sakondwera kuona mnzawo akuganiza za kutsogolo. Ukagula ng'ombe amati wachita bwino. Ukagula njinga yamoto amati mwamuna uja wadzuka. Ine nditagula boti, mpaka abusa anabwera kudzafunsa ngati kunyumba kuli mtendere.

Chonsecho masamu anga anali owongoka. Mu 2024 chimanga chinauma chili chiimire, ndipo pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka logwera dziko lonse. Pamenepo ndinaona kuti mlimi amadikira mvula koma msodzi sadikira. Nsomba sipaliridwa, sifuna feteleza. Komanso makolo athu anabwera kuno kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, nthawi ya a Kaunda, atatengedwa m'makomboni a Lusaka kuti adzaphunzire khasu. Ngati iwo anasiya tauni n'kukhala alimi, chondiletsa ine kusiya munda n'kukhala kaputeni chinali chiyani?

Alamu anga, omwe amalondera pafamu ina cha kumsewu wa Great East, ndiwo anandinong'oneza kuti m'shedi ya abwana awo muli boti logulitsa motchipa. Mwini wake anandilumbirira kuti linkayenda bwinobwino tsiku lomwe analiika mmenemo. Sindinafunse chaka chake, chifukwa si ulemu kupanikiza munthu wamkulu ndi mafunso. Ndinagulitsa ng'ombe yaikazi yomwe amake ana ankati ndi ya sukulu ya mwana wathu woyamba, ndipo boti linalowa m'mudzi litakwera ngolo yobwereka, ana akuthamanga pambuyo.

Apongozi anga aamuna analizungulira, n'kugogoda pambali ndi ndodo yawo.

"Akamwini, nanga chopalasira chili kuti?"

Ndinawafotokozera modekha kuti limeneli si bwato la m'dambo. Azungu amalitcha jet boat. Lilibe chopalasira, lilibenso chipupa chozungulira kunja kwake. Pansi pake pali chibowo chotchinga ndi tizitsulo, ndipo injini imazunguza chipupa chobisika m'kati mwa paipi, chomwe chimayamwa madzi pansipo n'kuwalavulira kumbuyo mwamphamvu. Kulavulako ndiko kumakankha boti. Anayamba kupanga maboti otere ndi mlimi ngati ine ndemwe, Bill Hamilton wa ku New Zealand, cha m'ma 1950, pofuna kukwera mitsinje ya kwawo yomwe ndi yosaya.

"Oho," anatero apongozi. "Ndiye kuti amenewonso kwawo anawaseka."

Titavundukula tenti tinapeza kuti botilo linali ndi eni ake kale. Makoswe anali atadya mipando n'kutsukuluza m'kamwa ndi mawaya. Mavu anali atamanga m'paipi iliyonse yomwe ili ndi khomo, ndipo anandilandira pachikope. Ndinaitana makaniko wathu, mnyamata amene amakonza zigayo, mapampu a m'madimba ndi njinga zamoto. Iye amati injini zonse ndi pachibale. Ananunkhiza m'thanki n'kubwerera chagada.

"Bwana, uyu sipetulo ayi. Uyu ndi vanishi."

Ndinaphunzira tsiku limenelo kuti petulo naye amakalamba. Akakhalitsa, mphamvu yake imauluka ndipo chotsala chimasanduka phula lomwe limatseka timabowo ta m'kabuleta. Kabuleta yathu inali itamatana ngati mphika wa nsima wogonera osauviika. Mnyamatayo anaimasula kachidutswa ndi kachidutswa pa chitenje cha amake ana, n'kumachokosola timabowo ndi kawaya. Anachotsa mapulagi, nathira timadontho ta oyilo m'mabowo mwake, n'kuzunguza injini ndi sipanala kuti aone ngati sinagwirane ndi dzimbiri. Itazungulira anandigwira chanza ngati mwana wabadwa.

Kenako anayamba kulemba mndandanda. Mapaipi a mafuta anali atauma mpaka kung'aluka. Oyilo anali atasakanikirana ndi madzi n'kuyera. Kachipupa ka labala kamene kamapopa madzi oziziritsa injini kanangoyoyoka m'manja. Batire linali litafa kalekale. Ndinakwera minibasi kupita ku Lusaka ndi zidutswa zakufazo m'jumbo, ndipo m'mashopu a sipeya aliyense ankazitembenuza n'kufunsa kuti ndi za galimoto yanji. Ndikayankha kuti ndi za boti, ankafunsa ngati ndachokera kunyanja ku Siavonga. Ndikati ku Chongwe, ankaitana anzawo a shopu yoyandikana kuti adzamve okha.

Tsiku loliza injini kunasonkhana anthu kuposa a pamsonkhano wa feteleza. Inatsokomola, inaphulika utsi wakuda, nkhuku zinabalalika, kenako inabangula. Ine ndinali nditaimirira kale pachiwongolero n'kumagwedezera anthu dzanja pamene makaniko analumphira kiyi n'kuzimitsa.

"Bwana, mupsereza! Chimenechi sichilira pouma."

Boti lotere limaziziritsa injini ndi madzi omwewo amene likuyendamo. Pamtunda muyenera kulimwetsa ndi paipi, apo ayi labala amanyeka, injini n'kutentha. Paipi ya madzi tilibe. Ndinapempha amake ana kuti iwo ndi atsikana athandizeko ndi zigubu za kumjigo.

"Bambo a ana, ine ndimatungira madzi anthu ndi mbuzi. Chinsomba chanucho chikamva ludzu chipite chokha kumtsinje."

Kumtsinje tinapitadi, paja mawu a mayi sanyozedwa. Unali mwezi wa October. Mumtsinje wa Kanakantapa tinapezamo mchenga, mapazi a ng'ombe ndi anyamata okumba. Ndinakumbutsa makaniko kuti a Hamilton anapangira boti limeneli madzi osaya. Iye anati osaya inde, koma akhalepo. Mtsinje wa Chongwe nawonso sunali wodalirika. Umenewu umakathira mu Zambezi kumalire a nkhalango ya Lower Zambezi, komwe alendo amajambula njovu ali m'maboti, koma kumtunda kuno wakhala ukuphwa mpaka anthu a pa Boma kumwa madzi obwera pamagalimoto a matanki.

Chaka chimenecho palibe amene anapita ku mwambo wa Chakwela Makumbi ndi mtima wonse kuposa ine. Pamene Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II inkapempha mvula m'malo mwa Asoli ndi tonse okhala m'dziko lawo, anzanga ankaganiza za mbewu. Ine ndinkapempha yofika m'chiuno.

Mvula inagwa, mitsinje inadzaza, ndipo alamu aja anabwera ndi uthenga wakuti chaka chilichonse boma limatseka usodzi kuyambira pa 1 December mpaka kumapeto kwa February kuti nsomba ziswane. Ndiye kuti kuno madzi akakhalapo kuwedza n'koletsedwa, ndipo chiletso chikatha madzi amayamba kutsanzika. Amene anakonza kalendala imeneyi sanandifunse.

Koma kuyesa boti sikuwedza. Tinalitsitsira m'kadamu ka munthu wina wa madimba, ndipo ndinene pano kuti linathamanga. Amene amati silinayendepo ndi ansanje. Linadzutsa mutu, mphepo inandilanda chipewa, ndipo tsidya lina linayamba kundiyandikira mofulumira. Ndinachita zomwe woyendetsa aliyense wanzeru angachite: ndinachotsa moto n'kukhotetsa chiwongolero. Apa m'pamene a Hamilton anabisa nkhani. Boti lawo limakhota ndi madzi omwe likulavulawo. Ukachotsa moto, malovu amatha, chiwongolero n'kukhala chokongoletsa chabe. Linapitirira molunjika, linadutsa bango, linakwera mtunda, n'kukaima pakati pa bedi la repu.

Mlandu unavuta kuweruza. Akuluakulu amadziwa mtengo wa dimba lodyedwa ndi ng'ombe kapena mbuzi, koma la boti anali asanaweruzepo. Wina anafunsa ngati linali ndi m'busa. Wina anati poti linagulidwa ndi ndalama ya ng'ombe, liweruzidwe ngati ng'ombe. Anagwirizana zimenezo. Ndinalipira repu yense, tomato amene anagwa ndi mantha, komanso nkhuku ya akuluakulu, ndipo anandilamula kuti chiweto changa chizikhala chomangirira.

Pano lili pansi pa mtengo wa mango, lomangidwa ndi chingwe, kudikira kuti ndipeze ya thiransipoti yopitira ku Kariba. Batire latsopano lomwe ndinagulira botilo amake ana analitenga, analilumikiza ku sola, ndipo atsegula bizinesi yotchajitsa mafoni pakhonde. Akuti ndalama yake ndi ya sukulu ya mwana. Loweruka lililonse ndimafuna kuliza injini pang'ono kuti kabuleta isamatanenso, choncho ndimatunga ndekha zigubu zanga mbandakucha, anthu asanadzuke, kenako ndimakaima pamzere pakhondepo. Batire amabwereketsa pa ola, kulipiriratu, ndipo akuti mtengo wa makaputeni ndi wokwererapo.