Katswiri wa liwiro wa ku Ngabu

Anthu a kuno ku Chigwa cha Shire timatchuka ndi ng'ombe za ku Ngabu, nzimbe za ku Nchalo, thonje, madzi osefukira ndi dzuwa loti mbuzi imabisala pa mthunzi wa mbuzi inzake. Pa mpikisano wa magalimoto ndiye zii, dzina lathu silimveka. Poona kuti mpandowu ulibe mwini, ndipo palibe amene akundipempha kuti ndikhalepo, ndinadzisankha ndekha.

Galimoto ndili nayo, musayambe kuseka. Ndi ka Nissan 1400 ka bokosi kumbuyo, kaja a ku South Africa anasiya kupanga mu 2008. Kangako kanapangidwa kalekale chaka chimenecho chisanafike, ndipo moyo wake wonse kakhala kakunyamula matumba a thonje ndi milamba youma ya ku Bangula mosadandaula. Amene anakalowetsa mtima wa mpikisano ndi alamu anga, omwe anasesako m'galaja ku Joni ndipo chibwerereni amayankhula ngati injini anaitulukira ndi iwo.

"Alamu," anatero tsiku lina tikukazinga chimanga, "galimoto kuchepa si mlandu. Munamvapo za Mini?"

Anandiuza, ndipo n'zoona, kuti kagalimoto ka ku Britain kameneka kanatuluka mu 1959 ndi injini ya 848cc, koma akatswiri atakagwiragwira, Paddy Hopkirk anapambana nako mpikisano wa Monte Carlo mu 1964, n'kusiya m'mbuyo chi Ford Falcon cha masilinda 8. Mini Cooper S ya Hopkirk inali ya 1071cc. Yanga ndi ya 1397cc. Ndinachotsera pamchenga ndi kamtengo, n'kupeza kuti ndamuposa kale mzunguyo ndi 326cc ndisanalize n'komwe injini. Alamu anathira mchere ponena kuti Shekhar Mehta anapambana Safari Rally ya ku Kenya kasanu m'magalimoto a Datsun ndi Nissan, omwe ndi banja limodzi. Ndiye kuti kagalimoto kanga n'kachifumu, kamangozunzika ndi thonje chifukwa chosadziwa mtundu wake.

Makaniko wathu amagwirira ntchito pansi pa mtengo wa nimu. Atamva cholinga changa sanaseke, zomwe zinandionetsa kuti ndi munthu wozindikira, kapena wofuna ndalama. Anati choyamba n'kupala hedi. Mukaipala pang'ono, malo amene petulo ndi mpweya zimapanikizidwira amachepa, ndiye moto ukabuka umakankha pisitoni mwamphamvu. Ku Blantyre ntchito imeneyi amagwira ndi makina. Ife tinamata sandipepala pa galasi lathyathyathya n'kumakhutiza hediyo uku ndi uku, mkuluyo akuyeza ndi diso limodzi, linalo atatsinzina. Galasilo linachokera pa kabati ya mbale ya mayi a kunyumba, omwe nthawiyo anali kumaliro ku Tengani.

Kenaka tinaika kabyuleta yaikulu imene wogulitsa ku Limbe analumbira pali malemu agogo ake kuti ndi Weber yeniyeni. Sailensa tinaidula, ati imatsamwitsa injini. Taimingi anaikankhira kutsogolo popotoza disitibyuta, khutu ali tcheru, mpaka pamene mtima wake unamuuza kuti basi. Pomaliza anazula thermostat n'kuiponya kutchire.

"Ichi n'cha kwa azungu kozizira, bwana. Kuno n'chongodya malo."

Ndinalemba nambala 1 pa chitseko ndi penti yotsala pa khola la nkhunda.

Msewu wa M1 kuchokera ku Ngabu kupita ku Nchalo ndi wosalala bwino kwa munthu wofuna kudzinamiza, chifukwa ulibe chitunda choti n'kukutsutsa. Kagalimoto kanabangula moti agalu anathawira m'mapira, amayi ogulitsa masau anagwira mabeseni awo, ana n'kumakuwa kuti kwabwera ndege. Ndinapitirira ngolo. Ndinapitirira anyamata a kabaza onse amene anali atanyamula anthu onenepa. Liwiro lenileni sindingakuuzeni, poti singano yoonetsa liwiro inagona chaka chimene a Bingu wa Mutharika ankatsegulira doko la Nsanje mu 2010, ndipo sinadzukenso. Koma poyeza ndi makutu, tinali pafupi kuuluka. Chodandaulitsa chinali singano ya petulo, yomwe ili moyo ndipo inkatsika ndikuiona ndi maso.

Katswiri aliyense amafuna phiri, ndipo ife tili nalo: chikweza cha Thabwa, pamene msewu ukawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu umayamba kupindapinda kukwera kupita ku Blantyre. Ndinasankha mwezi wa Okutobala, masana, kuti anthu aone bwino. Pa mpikisano weniweni dalaivala amakhala ndi mnzake womuwerengera makona. Wanga anali mayi a kunyumba, amene anavomera kukwera chifukwa ankafuna kukagula galasi la kabati.

Pali zinthu zimene alamu sanaphunzire ku Joni. Monte Carlo amathamanga mu Januwale, m'mapiri a chipale chofewa. Kuno mu Okutobala kutentha kumadutsa madigiri 40. Mpweya wotentha ndi wopepuka, injini ikaukoka imapeza wochepa woyatsira petulo, ndiye mphamvu zimene munalipira kwa makaniko dzuwa limakulandani. Hedi yopalidwa ndi taimingi yokankhidwa zikakumana ndi kutentha koteroko, petulo amaphulika mosadikira nthawi yake, ndipo mumamva kuti ngwe-ngwe-ngwe m'kati mwa injini. Ine phokosolo ndinalimva pa kona yachiwiri, ndipo ndinauza mnzanga wowerenga makona kuti ndi mmene imalirira injini ya mpikisano. Ladiyeta nayo inali itamwa madzi amatope a m'Shire kwa zaka zambiri, timipata take titatsekeka. Tisanafike pakati pa phiri, nthunzi inatuluka mu boneti, kagalimoto kanatsokomola, kenaka kanaima pamalo okongola kwambiri, poonekera chigwa chonse ndi mtsinje ukunyezimira m'munsi. Anthu amaima dala pamenepo kuti ajambule zithunzi. Inenso ndinatuluka n'kuika manja m'chiuno ngati ndaima dala.

Nditasolola ndodo yoyezera oyilo, inatuluka ndi zinthu zooneka ngati tiyi wothira mkaka wambiri. Gasiketi inali itapsa, madzi ndi oyilo zitakwatirana popanda ankhoswe.

"Bambo a ana," anatero mayi a kunyumba akudzipepesa mphepo ndi chitenje, "kodi a Hopkirk anuwo, akazi awo ankakankhanso?"

Tili pomwepo kunatulukira mdala wina pa ka 1400 konga kanga, kosagwidwagwidwa, sailensa ili m'malo mwake, katadzaza mbuzi mpaka pamwamba. Kanali mu giya yachiwiri, kakukwera mwaulemu, mbuzi zikundiyang'ana imodzi imodzi. Mdalayo anaima, natipatsa chigubu cha madzi, nasuzumira mu injini osanena kanthu kwa kanthawi.

"Achimwene, kuno galimoto sitiionjezera moto, moto tili nawo kale. Tsukani ladiyeta, gulani chitsekerero chake chabwino, mangani lamba wa fani, muzinyamuka tambala woyamba."

Nzeru za anthu amantha zimenezo, ngakhale ndikuvomereza kuti iye anakafika ku Blantyre tsiku lomwelo. Ife tinatsika phiri titamangidwa chingwe kumbuyo kwa lole ya makala, ndipo aka kanali koyamba kuti kagalimoto kanga kayende mtunda wonsewo osamwa petulo ngakhale dontho.

Amene akundiseka ku Ngabu adziwe kuti mu 1966 ma Mini anatenga malo atatu oyambirira ku Monte Carlo koma anawachotsa pa mpikisano chifukwa cha nkhani ya nyali. Akatswiri timachitiridwa nsanje chonchi. Iwo anabweranso n'kupambana mu 1967, ndipo inenso ndibweranso mu Juni kukazizira, ngati mayi a kunyumba atabweza makiyi.

Pakadali pano ndikugulitsa kabyuleta ya Weber yeniyeni, yoyenda pang'ono, kapena tisinthane ndi gasiketi ya 1400 ndi thumba limodzi la mapira. Ndipo mwana aliyense amene angatole kachitsulo kozungulira kokhala ndi sipuling'i m'tchire la kuseri kwa mtengo wa nimu, chonde asapangire galimoto ya mawaya. Abwere nako kunyumba, pali ya Fanta.