Tikamaliza Kuvota, Mphamvu Yathu Imapita Kuti?

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ndiloleni tsono ndifunse, ine munthu wamba wolima chimanga, wodula chiphaso pamsika, womvera nkhani pa wailesi madzulo. Mafunso anga ndi ang'onoang'ono, ndipo ndikupempha amene akudziwa kuti andiyankhe m'mawu oti nane ndimve.

Kodi dziko lino mwini wake ndani? Amene anawerenga Malamulo Oyendetsera Dziko amati yankho lili m'gawo 12. Gawoli limanena kuti mphamvu zonse zolamulira zimachokera kwa anthu a m'Malawi, ndipo amene ali pamipando amangotisungira mphamvuzo chifukwa tinawakhulupirira. Ndiye kuti Pulezidenti, phungu ndi khansala ndi anthu amene tinawatuma. Nanga bwanji wotumidwa akafika pamudzi, wotuma ndiye amagwada n'kumati, "Bwana, tithandizeni"? Ulemu ndi wabwino, tinakula nawo. Koma kodi ulemu umaletsa kufunsa amene unamutuma kuti, kumene munapita kuja mwabwerako ndi chiyani?

Ufulu wofunsawu sitinautole panjira. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi, ikutchula poyera zimene anthu ankangonong'onezana. Mwezi wotsatira a Chakufwa Chihana anamangidwa atangotsika ndege chifukwa chofuna matipate. Pa riferendamu ya 14 Juni 1993 anthu ambiri anasankha nyali ya matipate, kusiya tambala wakuda wa chipani chimodzi, ndipo pa 17 Meyi 1994 tinavotera zipani zambiri. Kodi amene anamangidwa aja, ndi amene anathawira kunja, anavutikira chiyani? Anavutikira kuti tiziima pamzere kamodzi pa zaka zisanu, kupakidwa inki pachala, n'kubwerera kunyumba kukakhala duu? Tsiku lovota ndi limodzi. Masiku ena onsewo ndife yani?

Ndifunsenso za ndalama. Pampu ya mjigo ikabedwa, kapena mankhwala akasowa pachipatala chaching'ono, timamva anthu akuti, "Zisiyeni, n'za boma." Kodi boma lili ndi munda wake kumene limakolola ndalama? Ndikagula mayunitsi a foni, msonkho ulimo kale. Ndikakwera minibasi, m'mtengo wa mafuta muli gawo lokonzera misewu. Mayi wogulitsa tomato amalipira khonsolo tsiku ndi tsiku, malonda ayende kapena asayende. Ngongole zimene boma limatenga kunja adzabweza ndi ana athu. Ndalama za boma zikakhala kuti si zathu, ndiye n'za yani?

Mu 2013 tinamva za Cashgate. Ndalama zinkaperekedwa ku makampani amene sanagulitse kalikonse ku boma, kenaka zolembedwazo n'kufufutidwa m'makompyuta a ku Capital Hill. Anthu ena anapezeka ndi mipukutu ya ndalama m'mabuti a galimoto ndi m'nyumba. Akatswiri a Baker Tilly atafufuza anapeza kuti zoposa K13 biliyoni zinasowa m'miyezi 6 yokha, ndipo mayiko amene ankathandiza bajeti yathu anaimika thandizo. Ena anazengedwa milandu n'kupita kundende, izi tinamva. Koma amene anamva kuwawa kwenikweni ndani? Kodi si wodwala uja anauzidwa kuti akagule yekha mankhwala, ndi mwana uja ankaphunzirira pansi pa mtengo? Bwanji boma silibwera kwa iwowo chaka ndi chaka kudzanena kuti zobedwa zija tabweza zakutizakuti, zatsala zakutizakuti?

Ndinkaganiza kuti tikapsa kamodzi sitidzagwiranso moto. Koma mu 2021, anthu akumwalira ndi Covid-19, lipoti la Auditor General pa K6.2 biliyoni yolimbana ndi mliriwo linaonetsa kuti zina zinathera m'maalawansi ndi m'kugula katundu mosatsata ndondomeko. Tili ndi ACB yolimbana ndi katangale, tili ndi Ombudsman, tili ndi komiti ya Nyumba ya Malamulo younika ndalama za boma. Alonda onsewa alipo. Nanga n'chifukwa chiyani timamva za kuba ndalama zitapita kale? Kodi alondawo amapatsidwa zida zokwanira, kapena amene amagawa zidazo ndi omwewo ofunika kulonderedwa?

Ndikafuna kufunsa, ndilowere khomo liti? Akuti gawo 37 la Malamulo Oyendetsera Dziko limatipatsa ufulu wodziwa zimene boma likusunga m'mabuku ake. Lamulo lotsegula khomo limeneli linadutsa m'Nyumba ya Malamulo mu 2016, koma linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Zaka zapakatizo linkadikira chiyani? Lero lilipo, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission ndilo linapatsidwa udindo woliyang'anira. Tiyerekeze tsono kuti agogo a kumudzi avala chitenje chawo, akwera kabaza, afika ku ofesi ya bwanamkubwa n'kunena kuti, "Ndabwera kudzaona kuti mlatho wa kwathu unadya ndalama zingati." Kodi adzawapatsa mpando, kapena adzawauza kuti bwana ali ku msonkhano, abwere mawa? Akawapatsa pepalalo, lidzakhala m'chinenero chanji?

Nkhani ya chinenero imandizunguza mutu kwambiri. Pa kampeni amatilankhula m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'Chilomwe, m'Chisena, ndipo mawu sawasowa. Akangolowa m'Nyumba ya Malamulo, zokambirana zimakhala m'Chingerezi, bajeti nayo m'Chingerezi. Chinenero chimene chinakwanira popempha voti chikulephera bwanji pofotokoza za ndalama?

Tibwere pafupi ndi kwathu. Makhansala amene tinasankha mu 2000 nthawi yawo itatha mu 2005, dziko linakhala opanda makhansala mpaka 2014. Zaka zonsezo ndalama za makhonsolo ankaziyang'anira ndani m'malo mwathu? Thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, la CDF, linayamba mu 2006. M'midzi tili ndi makomiti a VDC ndi ADC, kumene timakhala pansi n'kugwirizana kuti chofunika ndi mjigo, chipinda cha sukulu kapena nyumba ya mphunzitsi. Kodi zimene timagwirizanazo n'zimene zimamangidwa? Nanga chipinda chikamangidwa ndi ndalama za misonkho, bwanji timaimbira munthu mmodzi nyimbo ngati wapisa m'thumba mwake? N'chiyani chingavute kukhoma pepala pamsika, pasukulu ndi pabwalo la amfumu, lolembedwa kuti zinabwera zingati, zinagwira ntchito yanji, anapatsidwa ntchitoyo ndani? Munthu amene wayendetsa bwino ndalama, pepala lotere lingamupweteke pati?

Mafunso ena ndi athu eni ake. Lamulo la zipani za ndale la 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi mphatso pokopa ovota. Komabe phungu akafika, timamudikira ndi mavuto a m'nyumba: bokosi la maliro, fizi ya mwana, ndalama ya chigayo. Umphawi ndi woona, ndipo sindinganyoze munthu wa njala amene walandira. Koma kodi pakamwa pamene pathokoza chifukwa cha bokosi pangathe kufunsanso za mlatho? Phungu akamagula mabokosi a dera lonse, ndalamazo akuzitenga kuti, ndipo adzazibweza bwanji? Ntchito yake ndi kutiyimira, kupanga malamulo ndi kulondera boma. Tikamuyesa ndi muyeso wa mabokosi, ntchito yeniyeniyo adzamufunsa ndani?

Mayankho akasowa, anthu amapita kumsewu, ndipo gawo 38 limalola kuchita zionetsero mwamtendere. Pa zionetsero za 20 Julayi 2011 anthu 20 anataya miyoyo, ambiri a iwo ku Mzuzu. Kodi munthu wonyamula chikwangwani ayenera kutsanzika ana ake ngati akupita ku nkhondo? Komanso amene amathyola okala ya mnzawo wosauka pa tsiku la zionetsero, amakhala akulanga ndani?

Koma chilipo chimene chimandipatsa mtima. Chisankho cha Pulezidenti cha 21 Meyi 2019 chinadzaza ndi mapepala ofufutidwa ndi Tipp-Ex. Anthu anafunsa mumsewu, ena anafunsa kukhoti, ndipo pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu anathetsa zotsatirazo. Pa 23 Juni chaka chomwecho tinavotanso. Apa ndinaona kuti kufunsa kumabala zipatso, ngakhale pa mpando waukulu koposa m'dziko. Ngati tinatha kufunsa za mpando wa Pulezidenti n'kuyankhidwa, chikutilepheretsa n'chiyani kufunsa za matumba a simenti a pasukulu ya pamudzi? Kodi n'chifukwa choti pa zazikulu pamakhala zipani ndi maloya otitsogolera, pamene pa zazing'ono wofunsidwayo ndi munthu amene tidzakumane naye pamaliro?

Funso langa lomaliza ndi lolemera kuposa onse. Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994 anali ndi gawo 64, lopatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi yake isanathe ngati sakuwatumikira. Mu 1995 Nyumba ya Malamulo inalichotsa. Gawo 65, lonena za phungu wosiya chipani chake n'kulowa china, linatsala. Ndiye kuti phungu akakhumudwitsa chipani lamulo lilipo, koma akakhumudwitsa omuvotera lamulo palibe? Ndikalemba waganyu kuti apalire m'munda mwanga, iye n'kusowa mpaka udzu kumeza chimanga, sindidikira kukolola kuti ndifune wina. Nanga pano ndidikirenji zaka zisanu?

Ena amati gawo limeneli lingabweretse chisokonezo, chifukwa ogonja pa chisankho angamasonkhanitse maina tsiku lililonse kuti agwetse mnzawo. Nkhawa imeneyi ndikuimva. Koma kodi sitingaike malire, oti pafunike maina a ovota ochuluka, zifukwa zomveka, ndiponso bungwe loyendetsa zisankho la MEC litsimikize mainawo? Chinthu chikakhala ndi ngozi timachikonza, kapena timachitaya?

Olemekezeka aphungu, ambiri a inu mu 1995 munalibe m'Nyumbamo, ndipo sindikukuimbani mlandu wa anzanu. Koma mphamvu yobwezera gawolo ili m'manja mwanu lero. Phungu amene amabwera kudzamva maganizo athu bajeti isanakambidwe, amene amabweranso kudzatiuza mmene anavotera ndi chifukwa chake, palibe mudzi umene ungatole maina kuti umuchotse. Ngati mukutumikira chomwecho, gawo 64 mukuliopa chiyani?